Mitengo Imene a Balzer Anamiza M'damu

Miyezi yonse ya chisanu, a Balzer Feist ankatuluka m'nyumba mwawo kum'mawa kukungoyamba kufiira. Ndinkawaonera pazenera la kukhitchini, chifukwa nthawi imeneyo ine ndimakhala nditamaliza korona wanga, ndikudikira madzi a khofi kuti awire. Ankadutsa kuseri kwa mpanda wanga akukoka chileyi chawo cha pulasitiki. M'chileyimo munkakhala chiboolero cha ayezi, ndowa yoyera, tindodo tiwiri ta mbedza ndi fulasiki. Kachitini ka mphutsi za nyambo kokha ankakasunga m'thumba la m'kati mwa jekete, pachifuwa, kuti mphutsizo zisafe ndi kuzizira. Akafika pangodya ya mpanda ankakweza dzanja osatembenuka, ine n'kugogoda kamodzi pagalasi. Moni wathu unali womwewo.

Kukafika ku damu la Kessel ndi mtunda wa mailo imodzi, ndipo ankayenda wapansi. M'chisanu madzi a pamwamba pa damu amaundana n'kukhala ayezi wolimba ngati mwala, moti anzawo ankapita pagalimoto mpaka pa ayezi penipeni, koma a Balzer sanagwirepo chiwongolero moyo wawo wonse. Anali ndi matenda akugwa kuyambira ali mwana, choncho boma silinawapatse chiphaso. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ku nkhokwe za tirigu za m'mbali mwa njanji, kusesa ndi kuyeza chinyezi cha mbewu. Atapuma, damu ndilo linakhala ntchito yawo. Sanakwatire. Ankati mkazi amene angalole mwamuna wonunkha nsomba ndi fumbi la tirigu ndiye kuti mphuno zake n'zakufa, ndipo iwo sangadye chophika munthu wotero.

Pa ayezipo dongosolo linali limodzi tsiku ndi tsiku. Ankawerenga mapazi mazana awiri kuchokera pakanyumba ka pampu, n'kuboola mabowo asanu ndi limodzi ndi mphamvu ya manja, pomwe ena onse anagula kalekale ziboolero za injini. Mabowo awo ankakhala ang'onoang'ono, chifukwa analonjeza mayi awo kuti sadzaboola bowo loti phewa la munthu wakugwa n'kulowamo. Zidutswa za ayezi ankazivuula ndi chipande chachitsulo cha mayi awo omwewo. Kenako ankatembenuza ndowa n'kukhalapo, msana ku mphepo. Mbedza ankaitsitsa mpaka pansi, n'kugunda nayo matope katatu kuti avunduke, n'kuikweza msinkhu wa chikhatho. Ndiye kudikira.

"Pechi siluma, alamu," ankandiuza. "Imangopsompsona. Ukaphethira, yapita."

Zaka khumi zomaliza za moyo wawo, ndowa ija inkabwerera yopanda kanthu masiku ambiri. Chimene munthuyu ankafuna chinali chimodzi: kuti pechi zibwerere m'damu iwo akadali moyo. Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa, ndipo mbali ina ya nkhaniyi ndi yanga.

Ine ndinakwatiwira kuno ku Halden ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Masiku amenewo pechi zinali ngati mchenga. Nsomba yachikasu ija ya mizere yakuda, yonenepa pamimba, inkadzaza ndowa Misa ya m'mawa isanathe. Amuna anga, malemu a Kasper Wangler, ndiwo anayambitsa chakudya cha Lachisanu lililonse la Lenti ku holo ya parishi yathu ya Wendelini Woyera. Amuna ankawedza sabata yonse, ife amayi n'kumachotsa minga, kuviika m'dzira ndi zinyenyeswa za masikono, n'kukazinga. Pambali pake mbatata ndi kabichi wowawasa, pomaliza kuchen wathu wa mkaka ndi mazira. Anthu ankachokera m'matauni anayi, mzere n'kufika pageti la manda. Mpaka lero pamwamba pa khomo la khitchini ya holoyo pali chikwangwani chamkuwa cholembedwa dzina la a Kasper. Amachipukuta ndine, Loweruka lililonse.

A Kasper ndi a Balzer anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo kuyambira kusukulu. Poti mayina awo ndi a mafumu a kum'mawa amene anakalambira Mwana ku Khirisimasi, anthu ankati parishi yathu ili ndi awiri mwa Mafumu Atatu aja, wachitatu anauluzika ndi mphepo panjira. A Kasper anali olankhula, oseka mokweza, a m'khonsolo ya tchalitchi. A Balzer ankangokhala pambali pawo m'pikapu yobiriwira, chipewa pamaondo. Kulikonse kumene a Balzer anafikako kunja kwa Halden, anafikako m'pikapu imeneyo. Ubwenzi umenewu ndiwo unachititsa kuti azinditchula alamu.

Simoli yoyamba inagwidwa m'damu mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zitatu. M'mabuku amaitchula basi ya kamwa laling'ono, kuno timangoti simoli. Ndi nsomba ya msana wofiirira ngati mkuwa, yaukali, yodumpha ikakodwa, ndipo kwawo ndi ku mtsinje waukulu, osati kuno. Poyamba amuna anaikondwerera. Ankajambulitsa atainyamula. Patapita zaka zisanu anayamba kuona kuti tiana ta pechi, timene kale tinkadetsa madzi a m'mbali mwa damu mwezi wa Juni, sitikuonekanso. Simoli zinkatimeza tisanafike utali wa chala. Pechi zikuluzikulu zinakalamba n'kumatha, zolowa m'malo panalibe. Chaka chimene tinayamba kugula nsomba za m'makatoni zochokera kunyanja yamchere, a Kasper anakazinga Lenti yonse osaseka.

Aliyense ankadziwa kuti simoli siuluka. Wina anachita kuinyamula. Ndipo tonse tinagwirizana kuti anali alendo a m'mizinda, aja amabwera ndi maboti onyezimira nyengo yotentha.

A Balzer anadzipatsa ntchito ziwiri. Yoyamba inali ya mitengo. Dziko lathu lino ndi la mphepo ndi udzu, ndipo pansi pa damu ndi matope okhaokha. Pechi imaikira mazira olumikizana ngati nthambo yaitali ya lesi, ndipo imafuna poyanika nthamboyo. Ikagwera m'matope, mazira amafa. Choncho chikangodutsa chaka cha Mafumu Atatu, ine ndikamachotsa nyali ndi angelo pa mitengo ya Khirisimasi ya m'tchalitchi, a Balzer ankakhala ataima kale pakhomo. Akachoka apo, khomo ndi khomo tauni yonse. Mtengo uliwonse ankaumangirira buloko la simenti ndi waya n'kuusiya pa ayezi. Ayezi akasungunuka mu Epulo, mitengo inkamira yokha, pa nthawi yeniyeni imene pechi zimaikira. A Kasper ankanyamula mitengoyo m'pikapu chaka ndi chaka, osanyinyirika. Atamwalira ndi matenda a mtima nthawi yokolola, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, makiyi ndinatenga ndine.

Ntchito yachiwiri inali ya kumayambiriro kwa Juni. Simoli yamphongo imasesa chisa pamiyala, m'madzi osaya, n'kumalondera mazira. Sithawa, imaluma chilichonse chimene chayandikira. A Balzer ankayenda m'mphepete mwa khoma la damu atavala nsapato za m'madzi zofika m'chiuno, n'kumazichotsa imodziimodzi, akusankha zikuluzikulu. Iwo eni sankazidya. Zina ankagawa, zotsala ankazikwirira m'munda mwanga. Matimati anga anali osiririka tauni yonse.

A Pius Schatz, amene amagulitsa nyambo ndi khofi pasitolo ya pamphambano, sankawapatsa mpata. Tikaima pamenepo ndi pikapu yodzaza mitengo, ankayamba asanapereke n'komwe moni.

"Iwe Balzer, wamva? Chaka chino mkazi wanga wagula mtengo wapulasitiki. Ndikubweretsere? Pechi zako ziikire mazira apulasitiki, mwina simoli n'kuthyoka mano."

"Ubweretse mkazi wako yemweyo, aise. Akalankhula pabowo kamodzi, simoli zonse zisamuka."

"Nanga dzulo wagwira zingati, mfumu ya kum'mawa?"

"Ziwiri."

"Ziwiri! Mayi Wangler, yatsani moto, itanani matauni anayi!"

"Ndazibweza. Zinali ndi mazira."

"Ambuye mutichitire chifundo. Munthu uyu amalawirira m'mamawa kukapereka moni kwa nsomba."

A Balzer ankaseka nawo, n'kugula mphutsi zawo. Koma mitengo yeniyeni inkachepadi chaka chilichonse. Nthawi ina ndinawaona akutsutsana ndi mayi wina wokalamba amene anafuna kusunga mtengo wake mpaka Febuluwale chifukwa mdzukulu wake anali asanauone. Anamulonjeza kuti amukonzera chitseko cha khola, mtengo n'kutuluka.

Zaka zitatu zapitazo, mu Januwale, kunabwera mayi wa ku ofesi ya za nsomba, dzina lake Dana Haugen, wamng'ono kwa ine ndi zaka ngati makumi awiri. Anatipeza pa ayezi tikutsitsa mitengo. Anali ndi kamera yotsitsira m'madzi pachingwe, ndi kagalasi koonerapo. A Balzer anakondwa ngati mwana. Kwa zaka khumi ndi zisanu anali akumiza mitengo osaionanso.

"Boolani apa, mayi. Apa pali wa m'tchalitchi wa chaka chatha, uja unali kumanzere kwa guwa."

Tinawerama atatu pakagalasiko, titadziphimba ndi jekete chifukwa cha kuwala kwa chipale chofewa. Poyamba unali mdima wobiriwira. Kenako nthambi zopanda masamba, ndi kansalu kofiira kamene ndinaiwala kumasula. Pa nthambi iliyonse panali nsomba, zili duu, osagwedezeka, ngati zokongoletsa zimene wina wachita kupachika. Zinali zazing'ono, utali wa chikhatho. Yachikasu panalibe ndi imodzi yomwe.

"Izo si pechi," anatero a Balzer.

"Ayi, bambo."

"Tiyeni pena."

Tinaboola malo asanu ndi anayi. Ponseponse zinali chimodzimodzi. Pamalo omaliza a Balzer anatembenuza ndowa n'kukhala pansi, ngakhale mbedza sanatulutse.

Mayi Haugen analankhula mofatsa. "Bambo Feist, mitengoyi si yoipa. M'madamu ena imathandiza. Pechi zanu zimaikiradi mazira pamenepa. Koma tiana tikaswa timabisala m'nthambi zomwezi, ndipo simoli zinaphunzira. Zili ngati kumangira anapiye khola, mphamba n'kumugoneka momwemo."

"Nanga zimene ndimachotsa pachisa zija?"

Mayiyo anayamba wayang'ana ine, ngati akupempha thandizo.

"Mumachotsa zikuluzikulu?"

"Zokhazokha."

"Zikuluzikuluzo ndi zimene zimadya ana a simoli zinzawo. Mukazichotsa, ting'onoting'ono timapulumuka tambirimbiri. Ndipo tating'onoti ndi timene timatha ana a pechi."

"Ndiye kuti ndakhala ndikuziweta."

Mayi Haugen anayamba kukulunga chingwe cha kamera. Atamaliza ananena kuti yatsala njira imodzi: zokolola zikatha, kuchepetsa madzi, kuthira mankhwala opha nsomba zonse, kudikira, n'kubweretsa pechi zatsopano. Zaka zitatu popanda kuwedza. Damu ndi la tauni, choncho anthu anayenera kuvomereza pamsonkhano.

"Koma ndikuuzeni zoona," anatero. "Kumene anthu amati wolakwa ndi mlendo, savomera. Amati tivutikirenji ife."

Tsiku limenelo mitengo inayi inatsala m'pikapu. A Balzer anati tibwerere nayo.

Msonkhano unaikidwa Lachisanu lachitatu la Lenti, chakudya chikatha. Lachinayi masana a Balzer anagogoda pakhomo panga. Chimwalirireni a Kasper anali asanalowepo m'nyumba mwanga. Anavula nsapato pakhonde, n'kukhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chipewa pamaondo. Ndinawathirira khofi. Sanamwe.

"Alamu, mukukumbukira chaka cha Ukaristia chija Kasper sananyamule denga?"

Ndinkakumbukira. Ndinali ndi pakati pa mwana wanga wamkazi. A Kasper anayenera kugwira mtengo umodzi wa denga lansalu pa mdipiti wa Ukaristia, koma analawirira kusanache, akuti kukaona ng'ombe yamphongo imene ankafuna kugula, abwera Misa isanayambe. Anafika mdipiti utatha, n'kunena kuti pikapu inawonongeka panjira. Ndinawakwiyira masiku awiri.

"Kunalibe ng'ombe," anatero a Balzer. "Tinapita ku mtsinje waukulu. Mnzanga uja anali atawedzako simoli chaka cham'mbuyo, ndiye sinkamuchoka pakamwa. Ankati pechi ikakodwa imabwera ngati sokosi yonyowa, mwamuna amafuna nsomba yolimbana naye. Tinagwira khumi ndi imodzi. Tinaziika m'chigubu cha mkaka cha bambo ake. Tsikulo tinachita kusankha, chifukwa tauni yonse inali kutchalitchi."

Anazunguliza chipewa m'manja.

"Iye ankayendetsa. Ine ndinakhala kumbuyo ndi pampu ya njinga, kapaipi m'madzi, kupopera mpweya kuti zisafe. Mailosi makumi asanu ndi anayi, alamu, dzuwa likuswa mtengo. Mkono unachita kutupa. Pena zinayamba kugadama, ine n'kupopa mwamphamvu mpaka zinatembenukanso. Ndikanangopuma mphindi khumi zokha. Tikukhuthula m'damu, belu la tchalitchi likulira."

Pamenepo ndinakumbukira china. Lolemba lake ndinatsuka kumbuyo kwa pikapu ndekha. Kunkanunkha mtsinje. Sindinafunse.

"Munalapa?" ndinafunsa.

"Kalekale. Bambo mfumu anandipatsa Tikuoneni Maria atatu. Koma Tikuoneni Maria sadya simoli."

"Nanga a Kasper?"

"Ankati tidzanena chaka cha mawa. Chaka chilichonse, chaka cha mawa. Inu mumayesa mitengo ija ankanyamuliranji?"

Kunja kunadutsa galimoto yochotsa chipale mumsewu. Anadikira kuti phokoso lithe.

"Ndikufuna mawa ndiimirire ndinene. Akamva kuti ndi ife, a pakhomo pomwe pano, mwina manyazi awakweza manja. Koma sindinganene theka. Ndikati ndinali ndekha, ngakhale mwana aseka. Balzer anasenza chigubu pamutu kuchokera ku mtsinje? Aliyense akudziwa galimoto imene ndinkakwera. Dzina la mnzanga latsala m'manja mwanu, alamu. Popanda inu sinditsegula pakamwa."

Ndinaganiza za chikwangwani chamkuwa chija. Ndinaganiza za mwana wanga, amene anapatsa mwana wake woyamba dzina la Kasper, ndipo amamunyamula kuti akhudze zilembo za agogo ake. Ndinaganiza za amayi anzanga a kukhitchini, mmene amalekera kulankhula munthu akalowa. Ndinanyamuka n'kukasuntha poto amene sanafunike kusuntha, ndipo ndinaima pomwepo, nditawafulatira. Anadikira mpaka khofi anazizira. Kenako anavala chipewa, nanena kuti mawa adzayang'ana kwa ine.

Lachisanu m'mawa, Misa itatha, ndinapita kumanda. Chipale chinafika m'maondo. Ndinafukula mwala wa a Kasper ndi manja, n'kuima pamenepo ndikuyembekeza kuti mwina mkwiyo ubwera undithandize. Sunabwere. Ndinangowasowa, basi.

Holo inadzaza. Mbale zitachotsedwa, ndinakhala pabenchi la amayi a kukhitchini ndili chivalire epuloni, chikwangwani chili pamwamba pa mutu wanga. A Balzer anavala suti yawo ya kumaliro, n'kukhala mzere wachiwiri. Mayi Haugen anafotokoza zonse, naonetsa pakhoma zithunzi za mitengo ija. Wina anazindikira kansalu kofiira, anthu n'kuseka. Atakhala pansi, a Pius anaimirira.

"Mayi, mwalankhula bwino, Mulungu akudalitseni. Koma ine ndifunse. Zaka zitatu popanda kuwedza, mphutsi zanga ndizikazinga ndekha? Madzi mukachepetsa, ng'ombe za anthu zimwa malovu? Nsomba zimenezi sitinaike ndife. Anaika ndi anyamata a m'mizinda a magalasi akuda aja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Abwere okha adzazichotse!"

Anthu anaomba m'manja. Kumbuyo wina anakuwa kuti simoli n'zokoma kuwedza, pechi n'za agogo.

"Kapena alipo muno akuti ndi munthu wa kuno anachita?" a Pius anapitiriza akuzungulira. "Aimirire timuone! Kasper Wangler akanakhala moyo, bwenzi atamukazinga munthu ameneyo m'chiwaya chomwechi, mbali zonse ziwiri!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Pamenepo a Balzer anatembenuka n'kundiyang'ana. Manja awo anali atagwira kale mpando wa kutsogolo, okonzeka kudzuka. Ine ndinayang'ana manja anga. Pachala chachikulu panali thuza la mafuta otentha, ndipo ndinaliyang'anitsitsa ngati chinthu chachilendo. Pamene ndinkadzutsa maso, anali atatembenukira kutsogolo.

"Iwe Balzer, sulankhulapo?" anatero a Pius. "Paja damu ndiye mkazi wako."

"Ndilibe mawu, aise."

Tinavota pokweza manja. Ovomereza analipo khumi ndi anayi, okana anaposa makumi asanu ndi limodzi. A Balzer anakweza dzanja ndi ovomereza. Inenso ndinakweza. Dzanja silinandivute, chimene chinandikanika ndi mutu.

Kaya akananena zikanasintha, sindikudziwa. Mwina anthu akanangopeza wina womuda, damu n'kukhala mmene lilili. Ndimadziuza zimenezi kawirikawiri. Mayi Haugen anapita ndi mankhwala awo ku damu la tauni ina, ndipo ndamva kuti kumeneko ana ayambanso kudzaza ndowa.

M'mawa wotsatira msonkhano uja a Balzer anadutsa kuseri kwa mpanda n'kukweza dzanja. Ndinagogoda pagalasi. Nkhaniyo sanaitchulenso. Mu Juni sanapite pazisa. Mafumu Atatu a chaka chotsatira atadutsa, pakhomo la tchalitchi panalibe munthu wodikira, ndipo mitengo tinaitentha kuseri kwa holo. Koma kuwedza sanasiye. Mapazi mazana awiri, mabowo asanu ndi limodzi, kugunda matope katatu. Chisanu chonsecho anagwira pechi zinayi, zokalamba, zotumbuluka, ndipo zonse anazibweza.

Mu Okutobala anagwa pakhomo pawo. Tinkayesa ndi matenda awo akale, koma anali sitiroko. Anawatengera ku nyumba yosamalira okalamba, mailosi makumi asanu ndi limodzi kuchokera kuno. Sankalankhulanso. Ndinkapita Lamlungu masana m'pikapu yobiriwira, n'kuchita korona pambali pa bedi. Maso awo ankanditsata. Tsiku lina ndinakonzekera njira yonse zoti ndikanene, koma nditafika ndinawauza za nyengo ndi za mano a mdzukulu wanga. Anamwalira mu Febuluwale, ayezi atakhuthala mpaka m'chiuno mwa munthu. A Pius ananyamula nawo bokosi akulira mosabisa, ndipo ndi iwo amene anaikamo chipande chovuulira ayezi chija.

Lenti ino takazinganso za m'makatoni. Anthu akubwera ochepa, ndipo ana sadziwa kusiyana kwake. Za nkhaniyi ndakalapa kawiri. Bambo mfumu, amene ndi atsopano kuno, akuti kukhala chete si tchimo nthawi zonse. Iwo sanawaone a Balzer atagwira mpando uja.

M'mamawa ndimaimabe pazenera kudikira madzi a khofi. Kuseri kwa mpanda chipale chili chosalala, palibe wopondapo. Lachinayi lija, a Balzer atavala chipewa, anaima pachitseko dzanja lili pa chogwirira, osatembenuka, monga ankachitira pangodya ya mpanda.

"Simukuyenera kulankhula, alamu. Kulankhula ndilankhula ndine, manyazi ndisenza ndine. Mawa ndikayang'ana kwa inu, mudzangogwedeza mutu. Kamodzi kokha, pang'ono, ngati mmene imachitira pechi. Ine ndidzaona."